Makina a impso akhoza kubwera ku Salima, nanga owayendetsa achokera kuti?

Ikangomveka nkhani yoti boma lagula kapena lalandira makina osefera magazi a odwala impso, funso limodzi limabwereranso pa wailesi, pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp a kuno ku Salima: bwanji osatigawirako amodzi pa chipatala chathu cha boma? Ofunsawo sakulakwa. Kwa zaka zambiri thandizoli m'zipatala za boma lakhala likupezeka ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Kuchoka pa boma la Salima kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100, kuchoka ku Nkhotakota ndi pafupifupi 200, ndipo wa ku Dwangwa amawonjezeranso pamenepo. Ulendo umenewu si wa kamodzi. Ndi wa kawiri kapena katatu pa sabata, mpaka kalekale, ndiye mabanja ena amangosamukira kwa abale m'tauni, kusiya munda ndi ana.

Makina ndi odula, inde. Koma akhoza kugulidwa lero n'kufika pakatha miyezi ingapo. Chimene sichigulika msanga chotero ndi anthu odziwa kuwagwiritsa ntchito, ndipo vuto limeneli si la Malawi yekha. Dziko lonse lapansi likuperewera anthu amenewa, kungoti kupereweraku sikufanana.

Impso zikafooka, chimachitika n'chiyani?

Munthu amabadwa ndi impso ziwiri, ndipo iliyonse ili ndi timasefa pafupifupi miliyoni imodzi. Pa tsiku zimasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180, ambiri n'kuwabwezera m'thupi, n'kutaya lita imodzi kapena malita awiri ngati mkodzo. Zimayang'aniranso kuchuluka kwa mchere m'magazi, zimathandiza kuti BP isakwere, komanso zimatumiza uthenga ku mafupa kuti apange magazi atsopano. N'chifukwa chake wodwala impso amatupa miyendo ndi nkhope, amabanika, amasanza, ndipo kawirikawiri amapezeka ndi magazi ochepa.

Kufooka kwa impso kuli pawiri, ndipo kusiyana kwake ndiye phata la nkhani yonseyi. Koyamba ndi kwadzidzidzi, kochitika m'maola kapena m'masiku ochepa chifukwa cha malungo aakulu, kutsegula m'mimba kothetsa madzi m'thupi, kutaya magazi pobereka, kapena mankhwala ena. Kumeneku kumatha kuchira ngati kwapezeka msanga. Kwachiwiri ndi kwa mgonagona, kobwera pang'onopang'ono kwa zaka, makamaka chifukwa cha BP ndi shuga. Madokotala amakugawa m'magawo 5, ndipo pa gawo lachisanu mphamvu ya impso imakhala itatsika kwambiri, yosafika 15 pa 100. Zikafika apa impso sizibwereranso. Njira zotsala ndi zitatu: kusefa magazi, kumene kumatchedwa dayalisisi, kulandira impso ya munthu wina, kapena chisamaliro chochepetsa ululu ndi zizindikiro popanda makina.

Pa makina amodzi pamaima anthu angati?

Anthu a kunyanja amadziwa kuti kugula chilimira sikupha usipa. Pafunika siginala wodziwa kuitana nsomba ndi nyali, okoka ukonde m'maboti awiri, woyendetsa injini, ndi wosoka ukondewo ukang'ambika. Mmodzi akasowa, ukonde watsopano umagona pamchenga. Chipinda cha dayalisisi chimayendanso chimodzimodzi.

Woyamba ndi dokotala amene anaphunzira mozama za impso, wotchedwa nephrologist. Iyeyu ndiye amagamula ngati wodwala akufunikadi makina, ayambe liti, asefedwe kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso achotsedwe madzi ochuluka bwanji. Kuchotsa ambiri kumagwetsa BP mpaka munthu kukomoka. Kuchotsa ochepa kumamusiya akubanika.

Koma amene amakhala ndi wodwalayo maola 4 onse ndi namwino. Si namwino aliyense ayi, koma amene anaphunzitsidwa kubaya singano zikuluzikulu ziwiri pa mkono, kumva kulira kwa makina n'kudziwa tanthauzo lake, ndi kuteteza kuti matenda a chiwindi asachoke kwa wodwala uyu kupita kwa uyo. M'maiko ambiri namwino mmodzi amayang'anira odwala atatu kapena anayi nthawi imodzi. Chipinda chogwira ntchito m'mawa ndi masana, masiku 6 pa sabata, chimafuna gulu lathunthu la anamwino otere losinthana, poganiziranso kuti wina apita ku tchuthi, wina ku maliro, wina akadwala.

Pali munthu wina amene odwala ambiri samuona n'komwe: katswiri wa makina ndi madzi. Kusefa wodwala mmodzi kamodzi kumadya malita oposa 100 a madzi oyeretsedwa mwapadera. Madzi amene timamwa tili bwinobwino, a pa mpopi kapena pa mjigo, akhoza kupha munthu akadutsa m'makinawa osayeretsedwa, chifukwa pakati pa madziwo ndi magazi pamangokhala kachikopa kopyapyala. Wina ayenera kuwayeza tsiku ndi tsiku, kusintha zosefera, ndi kuonetsetsa kuti jenereta idzuka magetsi akangothima. Ine ndimaona kuti ntchito imeneyi ndiyo imaiwalika kwambiri tikamakamba za ogwira ntchito m'chipatala, pamene makina ambiri ongokhala m'zipatala za mu Africa anaima chifukwa chosowa wowakonza ndi zipangizo zosinthira.

Pafunikanso dokotala wa opaleshoni wolumikiza mitsempha iwiri ya pa mkono kuti pakhale njira yaikulu yotulutsira ndi kubwezera magazi. Njirayi amaitcha fistula, koma si vuto la amayi lija lobwera pobereka. Imatenga masabata 6 kapena kupitirira kuti ikhwime, ndipo popanda dokotalayu odwala amakhalira kapaipi ka pakhosi kamene kamalowetsa tizilombo mosavuta. Kenaka a ku labotale oyeza magazi, a mankhwala, ndi mlangizi wa zakudya wouza wodwala kuti nthochi, tomato, mbatata ndi mchere achepetse motani, popeza mchere wina wotchedwa potaziyamu ukachuluka m'magazi umaimitsa mtima.

Dziko lapansi lili ndi angati?

Bungwe la madokotala a impso a dziko lonse, la International Society of Nephrology, limachita kalembera wa zimenezi pakapita zaka zingapo. Wa 2023 anafikira maiko 167. Tikawandandalika maikowo kuyambira losowa kwambiri kufika lokhala ndi ambiri, dziko la pakatikati lili ndi madokotala a impso pafupifupi 12 pa anthu miliyoni imodzi. M'maiko olemera chiwerengerocho ndi pafupifupi 25. Mu Africa ndi mmodzi basi pa miliyoni. M'maiko osaukitsitsa, gulu limene Malawi alimo, ndi 0.3, kutanthauza dokotala mmodzi pa anthu oposa 3 miliyoni. Kusiyana kwa olemera ndi osauka n'kopitirira ka 80.

Tizibweretse kwathu kuno. Kalembera wa anthu wa 2018 anapeza kuti boma la Salima lili ndi anthu pafupifupi 480,000. Pa muyeso wa maiko olemera, Salima yekha akanakhala ndi madokotala a impso 12. Pa muyeso wa maiko osauka, ngakhale mutaphatikiza Salima ndi Nkhotakota, anthu ake safika pokwanira dokotala mmodzi. Ku Malawi konse, kumene anthu tsopano aposa 20 miliyoni, madokotala a impso ndi owerengeka pa zala, ndipo amapezeka m'mizinda ikuluikulu. A impso za ana ndiye ochepetsetsa, pano ndi kwina konse.

Mbali inayo kuli odwala. Mabungwe a za impso amati anthu oposa 850 miliyoni pa dziko lapansi ali ndi vuto lina lake la impso, ambiri osadziwa. Kafukufuku wina wodziwika bwino anapeza kuti mu 2010 anthu 2.6 miliyoni ankalandira dayalisisi kapena anali ndi impso yopatsidwa, pamene ena osachepera 2.3 miliyoni ayenera kuti anamwalira chifukwa thandizolo silinawafike. Mu Africa, pa anthu 100 alionse ofunika thandizoli, olilandira sankaposa 16.

Ziwerengero za madokotala zili ndi malire ake. Zimawerenga dokotala, koma sizinena kuti ali pati. Dziko likhoza kukhala ndi madokotala 50 onse ali mu likulu. Ndipo maiko ambiri m'kalembera yemweyo, olemera omwe, anadandaulanso za kuchepa kwa anamwino a dayalisisi, okonza makina, madokotala a opaleshoni ndi alangizi a zakudya.

N'chifukwa chiyani sachuluka msanga?

Choyamba ndi nthawi. Mwana wa ku Lifuwu kapena ku Benga amene wasankhidwa chaka chino kupita ku Kamuzu University of Health Sciences adzaphunzira udokotala zaka 5, n'kugwira ntchito moyang'aniridwa kwa chaka ndi theka, n'kuwonjezera zaka 4 za ukatswiri wa matenda a m'kati mwa thupi, kenaka zaka zina ziwiri kapena kuposerapo za impso zokhazokha, nthawi zambiri kunja, monga ku South Africa. Zonse pamodzi zimapitirira zaka 12, ngati palibe chomuimitsa panjira. Tisaiwale kuti sukulu yathu ya udokotala inatsegulidwa mu 1991. Maiko amene ali ndi madokotala a impso ambiri anayamba kuwaphunzitsa m'zaka za m'ma 1960, dayalisisi ya nthawi yaitali itangoyamba kutheka.

Chachiwiri n'chakuti katswiri amaphunzitsidwa ndi katswiri mnzake, pa odwala enieni ndi makina oyenda. Dziko lokhala ndi madokotala a impso awiri kapena atatu limafuna kuti omwewo aone odwala, aphunzitse, alembe malamulo a kasamalidwe, akhalenso pa misonkhano ya ku unduna. Nthawi yoti alere owalowa m'malo imachepa. Bungwe la madokotala a impso lija lakhala likulipirira maphunziro a madokotala a m'maiko osauka kuyambira 1985, ndi pangano loti akamaliza abwerere kwawo, ndipo akatswiri ambiri a mu Africa anadutsa njira imeneyi. Komabe ndi ochepa poyerekeza ndi kufunika kwake.

Chachitatu ndi kusamuka, ndipo apa anthu amasiyana maganizo. Maiko olemera nawo akusowa. Ku United States malo ambiri ophunzirira za impso akhala akutsala opanda owafuna, popeza ntchitoyi ndi yolemetsa ndipo malipiro ake ndi otsika poyerekeza ndi nthambi zina, ndiye gawo lalikulu la amene amalowa ndi madokotala ophunzira kunja. Ku Britain zipatala zimadalira kwambiri anamwino ndi madokotala ochokera ku India, Philippines, Nigeria ndi maiko ena. Namwino wodziwa dayalisisi amafunidwa paliponse. Ena amati maiko olemera akukolola posalima, chifukwa msonkho wa mlimi wa ku Salima ndiwo unaphunzitsa munthuyo. Ena amati palibe angaletse munthu kufunafuna moyo wabwino, kuti ndalama zimene amatumiza zimalera mabanja, ndipo ena amabwerera ndi luso limene sakanalipeza kuno. Mbali zonse ziwiri zili ndi choonadi chake.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linayesa kuika malire. Mu 2010 maiko anagwirizana mfundo za kalembedwe ka ogwira ntchito zaumoyo ochokera kunja, ndipo mu 2023 linatulutsa mndandanda wa maiko 55 osowa kwambiri, kumene maiko ena sayenera kupita kukakopa anthu mwadala. Malawi ali pa mndandandawo. Mfundozi sizikakamiza dziko lililonse, ndipo siziletsa munthu payekha kufunsira ntchito kunja. Malawi anayesaponso njira ya malipiro: mu 2004 boma, mothandizidwa ndi Britain ndi Global Fund, linayambitsa ndondomeko yapadera imene inawonjezera malipiro a magulu 11 a ogwira ntchito zaumoyo ndi 52 pa 100 ndi kukulitsa masukulu awo, ndipo chiwerengero chawo chinakwera ndithu.

Pali chachinayi chimene chimadabwitsa ambiri. Dziko likhoza kusowa anamwino m'zipatala pamene anamwino omaliza maphunziro ali pakhomo, chifukwa boma lilibe ndalama zowalembera ntchito. Zimenezi zakhala zikuchitika ku Malawi ndi m'maiko ena a mu Africa. WHO imati pofika 2030 dziko lapansi lidzaperewera ogwira ntchito zaumoyo pafupifupi 11 miliyoni, makamaka m'maiko osauka.

Zimene maiko akuyesa

Njira ina ndi kugawana ntchito. Malawi anaichita kale pa Edzi: ma ARV atayamba kuperekedwa kwaulere mu 2004, sanadikire madokotala, anaphunzitsa anamwino ndi makilinikala ofesa, anthu amene ife kumudzi timangowatcha adokotala. Pa matenda a mgonagona njira yofanana nayo ndi ya PEN-Plus, imene inayesedwa ku Neno ndipo maiko a mu Africa anaivomereza kudzera ku WHO mu 2022. Imaika makilinikala ofesa ndi anamwino ophunzitsidwa mwapadera pa chipatala cha boma kuti azisamalira matenda ovuta monga shuga wa ana ndi mtima, katswiri n'kumawayendera ndi kuwalangiza pa foni. Kumalo otere wodwala impso akhoza kutsatiridwa bwino kwa zaka asanafike pofuna makina.

Ina ndi dayalisisi ya m'mimba. Amaika kapaipi pamimba, wodwala n'kumathira yekha madzi apadera a malita awiri, kuwasiya maola angapo, n'kuwatulutsa, kanayi pa tsiku, ali kunyumba. Siifuna makina kapena magetsi, ndipo namwino mmodzi akhoza kutsatira odwala ambiri. Dziko la Thailand linaiika patsogolo mu 2008 pofuna kufikira anthu a kumidzi. Zovuta zake nazo ndi zenizeni: matumba a madziwo ndi olemera, amachokera kunja ndipo sayenera kudukiza, komanso pafunika malo aukhondo kwambiri, apo ayi tizilombo timalowa m'mimba. Kwa ana amene impso zaima mwadzidzidzi njirayi yapulumutsa ambiri mu Africa.

Kupatsidwa impso ndiko kumamasula munthu ku makina, koma kumafuna gulu lalikulu koposa: madokotala a opaleshoni, labotale yoona ngati wopereka ndi wolandira akugwirizana, ndi mankhwala omwa moyo wonse kuti thupi lisaikane impsoyo. Tanzania inayamba kuchita opaleshoniyi pa chipatala cha Muhimbili mu 2017, Uganda pa Mulago mu 2023. Amalawi ambiri amene anapatsidwa impso anapita ku India, ndipo akabwerako amafunabe dokotala wa impso wowatsatira kuno.

Mu May 2025 msonkhano waukulu wa WHO unavomereza koyamba chigamulo chokhudza thanzi la impso, chopempha maiko kuti alimbikitse kupewa, kuyeza msanga ndi kuphunzitsa ogwira ntchito. Kuti chisanduke namwino wolembedwa ntchito, zidalira bajeti ya dziko lililonse.

Kuno m'mbali mwa nyanja

Pali mtsutso umene akatswiri eni ake sanaumalize. Ena amati zipinda za dayalisisi zifalikire m'maboma kuti anthu asafe ndi mtunda. Ena amati ndalama zosefera munthu mmodzi kwa chaka zikhoza kugula mankhwala a BP a anthu mazanamazana, ndiye kuyambira kuzikhala kumeneko. Wodwala amene impso zake zatha kale sangadikire kupewa, ndipo mwana amene akudwala likodzo lero sayenera kufika pa makina. Boma limayenera kugawa ndalama zochepa pakati pa awiriwa.

Chimene ndikufuna owerenga a kuno achigwire n'chakuti zambiri zowononga impso m'maboma athu a Salima ndi Nkhotakota zimayamba kuonedwa ndi munthu amene si katswiri wa impso. Likodzo la m'chikhodzodzo, limene ana osamba ndi kuchapa m'nyanja ndi m'madambo a mpunga amalitenga, likakhalitsa limatseka njira za mkodzo, mkodzowo n'kubwerera kukatupitsa impso. Mankhwala ake amagawidwa m'masukulu ndi alangizi a zaumoyo. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo unavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja, unkaimitsa impso chifukwa cha kutha kwa madzi m'thupi. Namwino woika diripi msanga ndi kuwerenga mkodzo wa wodwala amateteza impso pamenepo. Malungo aakulu, makamaka mkodzo ukada ngati tiyi, ndi chimodzimodzi. Mzamba amene wayeza BP ya mayi woyembekezera n'kupeza kuti yakwera wagwira ntchito ya impso. Amene amapereka ma ARV ayenera kukumbukira kuti ena mwa mankhwalawa amafuna kuti impso ziziyezedwa.

Palinso za ife eni. Asodzi, a kabaza ndi alimi ambiri amamwa bulufeni kapena indosidi wa pa golosale tsiku ndi tsiku kuti thupi liphwe, nthawi zina pamodzi ndi mankhwala azitsamba osadziwika muyeso. Mankhwala oletsa ululu a mtundu umenewu amachepetsa magazi opita ku impso, makamaka munthu akakhala kuti watha madzi. Ku Central America madokotala apeza matenda a impso ochuluka pakati pa anyamata odula nzimbe pa dzuwa lotentha, opanda BP kapena shuga, ndipo kupuma pamthunzi ndi kumwa madzi pafupipafupi kwaoneka kuti kumathandiza. Kuno nako kumatentha ndipo nzimbe timalima, choncho phunzirolo ndi lofunika kwa aliyense wogwira ntchito yakalavulagaga m'miyezi ya October ndi November.

Mu 2013 bungwe la madokotala a impso lija linakhazikitsa cholinga choti pofika 2025 pasakhalenso munthu womwalira ndi kufooka kwa impso kwadzidzidzi kumene kukanachizika. Chaka chimenecho chinafika cholingacho chisanakwaniritsidwe, koma ntchito yoyeserera imene inachitika ku Blantyre, ku Cochabamba m'dziko la Bolivia ndi ku Dharan ku Nepal inasonyeza kanthu. Ogwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono anaphunzitsidwa kukayikira vuto la impso, anapatsidwa kapepala koviika mu mkodzo ndi kachipangizo koyeza pa dontho la magazi zinyalala zotchedwa creatinine, zimene zimakwera impso zikafooka, ndipo ankatha kulankhula ndi dokotala pa foni. Ndi zimenezi ankapeza odwala amene kale akanangopatsidwa mankhwala a malungo n'kubwerera kwawo.

Kilinikala ofesa wa ku Khombedza kapena ku Nkhunga akamaimbira foni ku Kamuzu Central, dokotala wa kumeneko amafunsa zinthu zochepa: BP ili bwanji, creatinine ali pati, wodwala wakodza kangati kuyambira dzulo, ndipo wamwa chiyani. Mafunso awiri omalizawo amayankhidwa ndi wodwala kapena gadiyani. Choncho popita ku chipatala tengani kabuku kanu ka chipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene mwamwa, nenani ndi azitsamba omwe mosabisa, ndipo ngati muli ndi BP, shuga, HIV kapena munakodzapo magazi, pemphani kuti akuyezeni mkodzo ndi impso kamodzi pa chaka.